Kavalo Wosabwerera Kwawo: Kodi Kukhala Mwini wa Chamoyo N'kutani?

Zaka ziwiri zilizonse, eni akavalo a mtundu wa ku Iceland amasonkhana pa mpikisano waukulu wa dziko lonse. Mu 2019 mpikisanowu unachitikira ku Berlin, ndipo mu 2023 unachitikira ku Oirschot m'dziko la Netherlands. Ku Iceland kwenikweniko suchitikako, pakuti malamulo a dzikolo salola kavalo aliyense kulowa kuchokera kunja, ngakhale amene anabadwira komweko. Motero wokwera wa ku Iceland akasankhidwa kuti akaimire dziko lake, amakweza kavalo wake m'ndege akudziwa kuti kumudzi adzabwerera yekha. Kavalo amene wamuphunzitsa kwa zaka zambiri, amene amazindikira liwu lake ndi kulemera kwa dzanja lake, adzatsala kunjako, kawirikawiri m'manja mwa wogula watsopano. Apambane kapena agonje, kwa kavaloyo ulendowo ndi wosabwerera.

Palibe lamulo limene wokwerayo waphwanya. Kavaloyo ndi wake, ndipo chake munthu amatha kugulitsa. Komabe mtima sukhazikika ndi yankho lotere, chifukwa chimene chagulitsidwacho chimamva njala, chimamva mantha, chimazolowera malo ndi anzake. Funso limene nkhani ino ikulondola lagona pamenepa: kodi munthu akati ndi mwini wa chamoyo, umwiniwo ukumupatsa chiyani, nanga ukumulamula chiyani? Akavalo aafupi a kumpoto kwa Ulaya, a ku Iceland, a ku zilumba za Faroe ndi a pachilumba cha Gotland ku Sweden, ndi mboni zoyenera pa mlanduwu, popeza mbiri yawo yaonetsa umwini pa nkhope zake zonse, zokoma ndi zoipa zomwe.

Akavalo a ku Iceland anafika pachilumbapo m'ngalawa za anthu ochokera ku Norway ndi ku zilumba za Britain m'zaka za m'ma 800 ndi 900. Ndi aafupi, ambiri msinkhu wawo umakhala pakati pa masentimita 132 ndi 142, ngakhale kuti eni dziko safuna kuti aziyesedwa tiakavalo, poti amanyamula munthu wamkulu tsiku lonse. Kwa zaka pafupifupi 1,000, m'dziko lopanda misewu ndi milatho, kavalo ndiye ankanyamula udzu wouma, nsomba, mzamba ndi mtembo womwe, mpaka anthu anamupatsa dzina loti wantchito wofunika koposa onse. Kuwonjezera pa mayendedwe atatu a akavalo onse, ali ndi ena awiri: *tölt*, kuyenda kwaliwiro kosagwedeza wokwera, ndi *skeið*, kuthamanga koponya miyendo ya mbali imodzi pamodzi. Mu 2012 akatswiri a ku Uppsala anapeza kuti luso limeneli limagwirizana ndi kusintha kwa jini yotchedwa DMRT3. Masiku ano ku Iceland kuli akavalo pafupifupi 80,000, ndipo enanso ochuluka kuposa pamenepo ali kunja, makamaka ku Germany.

Chofunika kuzindikira n'chakuti nyama zimenezi zinaumbidwa ndi manja awiri. Dzanja loyamba ndi la dziko: chisanu, mphepo, msipu wochepa ndi masoka. Phiri la Laki litaphulika mu 1783, utsi wake unawononga msipu, ndipo pofika 1784 theka la akavalo a m'dzikolo kapena kupitirirapo anali atafa. Otsalawo anali olimba zedi, otha kukhala ndi moyo pa chakudya chochepa. Dzanja lachiwiri ndi la munthu, amene mibadwo ndi mibadwo ankasankha kuti kavalo uyu abereke, uyu aphedwe. Kavalo wotere sali ngati mbidzi ya m'tchire imene munthu anangoipeza. Thupi lake, kufatsa kwake ndi mayendedwe ake omwe ali ndi zidindo za zofuna za anthu.

Malamulo a ku Ulaya, potengera malamulo akale a Aroma, anagawa dziko pawiri: anthu, amene amakhala ndi zinthu, ndi zinthu, zimene anthu amakhala nazo. Kavalo anagwera mbali ya zinthu, limodzi ndi ngolo imene amakoka. Mu 1789 Jeremy Bentham anatsutsa kuti chofunika pa nyama si kutha kuganiza kapena kuyankhula, koma kutha kumva ululu, ndipo pang'onopang'ono malamulo anayamba kugwedezeka. Mu 1990 dziko la Germany linalemba m'malamulo ake kuti nyama si zinthu, komabe m'ndime yomweyo linawonjezera kuti malamulo a zinthu azigwirabe ntchito pa nyamazo pokhapokha patanenedwa zina. Lamulo linavomera kuti dzina lakale n'lolakwika, koma dzina latsopano linalisowa.

Chichewa chili ndi mawu amene angathandize pamene lamulolo lachita chibwibwi. Mawu oti *mwini* ali ndi nthambi ziwiri. Pali mwini njinga ndi mwini khasu, amene angagulitse, kubwereketsa kapena kuthyola chinthu chake popanda womufunsa. Koma palinso mwini mudzi, mwini maliro ndi mwini mbumba. Mwini mbumba sagulitsa alongo ake kapena ana awo. Umwini wake umaoneka tsiku la matenda, la mlandu kapena la ukwati, pamene anthu amafunsa kuti mwini wake ali kuti, ndipo iye amayenera kuimirira n'kuyankha. Pa nthambi yachiwiriyi, mwini ndi munthu amene sangathawe. Ndipo mawu oti *chiweto* amachokera ku mneni *kuweta*, kusonyeza kuti nyamayo ikudziwika ndi ntchito imene munthu ayenera kuichitira. Chinenero pachokha sichipanga munthu kukhala wachifundo, pakuti abulu a zilonda pamsana amapezeka ngakhale kumene mawu okomawa amayankhulidwa. Komabe mawuwa akusiyanitsa bwino mitundu iwiri ya umwini, ndipo ganizo la nkhani ino ndi lakuti umwini wa chamoyo uli pa nthambi yachiwiri. Mbiri ya akavalo a kumpoto ikuonetsa njira zitatu zimene anthu amaphonyera mfundoyi.

Njira yoyamba ndi ya mwini amene amaona phindu lokha. Mu 1842 dziko la Britain linaletsa akazi ndi ana osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi m'migodi ya malasha, ndipo eni migodi anatembenukira kwa akavalo aafupi, otha kulowa m'ngalande zotsika. Pofika 1913 m'migodi ya dzikolo munali akavalo pafupifupi 70,000, ambiri mwa iwo osaona dzuwa kwa miyezi yathunthu. Ena anagulidwa ku Iceland, ena ku Faroe. Alimi a ku Faroe anagulitsa akavalo awo ochuluka, kenaka anaitanitsa akavalo akuluakulu akunja, ndipo makina atabwera, otsalawo anasowa wowafuna. M'zaka za m'ma 1960 akavalo enieni a mtundu wa ku Faroe anatsala asanu okha, wamwamuna mmodzi ndi aakazi anayi. Akuluakulu anati chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Munthu akatsika mumtengo, nkhwangwayo amangoiponya pansi. Bungwe lopulumutsa mtunduwu linakhazikitsidwa mu 1978, koma pofika zaka zoyambirira za m'ma 2020 akavalowo anali asanakwane 100, onse ochokera kwa makolo asanu aja.

Wina angayese kuti zimenezi n'zakale. Koma mu Novembala 2021 mabungwe oteteza nyama a ku Germany ndi ku Switzerland anatulutsa kanema wojambulidwa mobisa m'mafamu ena a ku Iceland, kumene akavalo aakazi okhala ndi bere ankakhetsedwa magazi. Chaka chimenecho akavalo oposa 5,000 anali pa ntchitoyi, ndipo aliyense ankatha kuchotsedwa malita 5 pa sabata kwa masabata 8. M'magaziwo mumachokera mankhwala otchedwa PMSG, amene alimi a nkhumba m'maiko ena amabaya nkhumba zawo kuti zitenge bere nthawi imodzi. Oikira kumbuyo ntchitoyi ankati madokotala a ziweto amaiyang'anira, ndiponso akavalowo amakhala momasuka kubusa chaka chonse. Koma ngakhale zikanakhala kuti palibe kavalo amene anamenyedwa, funso likanatsalabe, chifukwa pamenepa bere la nyama lasanduka munda, ndipo mwana wobadwayo ndi chotsalira chabe cha malonda a magazi.

Njira yachiwiri ndi ya mwini amene amaona ulemu wake wokha. Nthano yakale ya ku Iceland yotchedwa *Hrafnkels saga*, yolembedwa cha m'zaka za m'ma 1200, imasimba za mfumu Hrafnkell imene inali ndi kavalo wokondedwa dzina lake Freyfaxi. Mfumuyo inapereka theka la kavaloyo kwa mulungu wake Freyr, n'kulumbira kuti idzapha aliyense womukwera popanda chilolezo. Tsiku lina mbusa wake wachinyamata, Einar, nkhosa zitamusowa, anakwera Freyfaxi pozifunafuna, popeza akavalo ena onse anamuthawa. Nkhosazo anazipeza, koma Hrafnkell anamupha ndi nkhwangwa pofuna kusunga lumbiro lake. Mlandu utazengedwa, mfumuyo inalandidwa mudzi, ndipo adani ake anakankhira Freyfaxi kuphompho. M'nthano yonseyi palibe amene anafunsa chimene kavaloyo ankasowa. Kwa mwini wake anali chizindikiro cha ukulu, kwa adani anali chizindikiro cha mdani, ndipo anafera mlandu umene sanaumve n'komwe. Mzimu wa Hrafnkell ulipobe paliponse pamene kavalo amakakamizidwa kukweza miyendo mopitirira chibadwa chake kuti mwini wake alandire chikho.

Njira yachitatu ndi yovuta kuizindikira, chifukwa imavala nkhope ya chikondi. Munthu wa ku Germany kapena ku Denmark amagula kavalo wa ku Iceland, namukonda ndi mtima wonse, namuika pa msipu wobiriwira wothiridwa feteleza, namuwonjezera chakudya cha m'matumba. Koma thupi limene linaphunzira kusunga kalikonse kamene ladya silidziwa chochita ndi mwanaalirenji. Kavaloyo amanenepa mopitirira, shuga amasokonekera m'magazi mwake, ndipo pamapeto pake m'kati mwa ziboda mumatupa, matenda opweteka kwambiri moti nyamayo imalephera kuponda pansi, nthawi zina mpaka kuphedwa kuti ipumule. Mwini wina amaisunga yokha m'khola lofunda, poganiza kuti akuiteteza ku chisanu, osadziwa kuti ubweya wake wa m'nyengo yozizira umaikwanira, ndipo chimene ikusowa ndi anzake ndi malo oyendamo. Safunsa anadya phula, koma pano wodya phulayo ndi kavalo, pamene wosafunsayo ndi mwini wake.

Palinso mtengo wina umene kavalo wotumizidwa kunja amalipira. M'maiko a ku Ulaya muli tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma, totchedwa Culicoides, timene kwa zaka mazana ambiri ku Iceland kunalibe. Kavalo amene wakulira kosakumana nato, akalumidwa atakula, thupi lake limatha kukana malovu ake, nayamba kuyabwa koopsa pakhosi ndi kumchira, mpaka kudzikanda n'kutuluka zilonda. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2006 anapeza kuti pafupifupi theka la akavalo amene anakhala kunja zaka ziwiri kapena kuposerapo anali ndi matendawa, pamene obadwira kunja komweko amadwala ochepa kwambiri. Mwini wa kavalo wotere amayenera kumuveka chofunda chokuta thupi lonse, kumulowetsa m'khola m'mawa ndi madzulo pamene tizilomboto tachuluka, ndi kumupaka mankhwala chilimwe chilichonse kwa moyo wake wonse. Ndipo moyowo ndi wautali: akavalowa sayamba kukweredwa asanafike zaka 4 kapena 5, ndipo ambiri amafika zaka 30. Wogula kavalo wa zaka 6 walonjeza zaka zoposa 20 za moyo wake iye mwini, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Njira zitatuzi zikusiyana maonekedwe, koma muzu wake ndi umodzi. Wofuna phindu, wofuna ulemu ndi wofuna kukonda, onse akuyang'ana kavalo ngati kalilole wodzionerapo okha. Palibe amene wayamba wafunsa kuti nyama imeneyi, ndi thupi limene ili nalo ndi kumene yachokera, ikusowa chiyani.

Apa pakubuka mtsutso wamphamvu umene suyenera kunyozedwa. Oganiza ena, monga Gary Francione, katswiri wa malamulo wa ku America, amati vuto ndi umwini weniweniwo. Malinga ndi iwo, nyama ikakhala katundu, zofuna zake zidzagonja nthawi zonse zikakumana ndi zofuna za mwini wake, choncho kukonza makola ndi kuchepetsa zikwapu n'kungokongoletsa ukapolo. Chofunika, amatero iwo, n'kusamala ziweto zimene zilipo mpaka zitatha, osaberekanso zina. Mbiri ya migodi ndi ya magazi ija ikuwaikira umboni. Nzoona kuti lamulo likasiya zonse m'manja mwa mwini, chifundo chimangotsala mwayi wa nyama imene yagwera kwa munthu wabwino.

Komabe mtsutsowu ukuganiza ngati umwini uli ndi nthambi imodzi yokha, ya mwini njinga ija. Ukayesedwa pa akavalo asanu a ku Faroe, umapereka yankho lodabwitsa: kuti anthu amene anawasonkhanitsa, n'kulemba mibadwo yawo, n'kuwasankhira okwatirana nawo kuti magazi asayandikane kwambiri, analakwa, ndipo zikanakhala bwino mtunduwo ukanatha. Koma chimene chinatsala pang'ono kutha akavalowo chinali kusowa kwa munthu wowayankhira. Kumasula nyama imene munthu waiumba kwa zaka 1,000 kuti izimudalira, n'kuiuza kuti tsopano dzionere wekha, kuli ngati mwini mbumba amene wasamuka usiku n'kunena kuti wapatsa abale ake ufulu. Sue Donaldson ndi Will Kymlicka, m'buku lawo *Zoopolis* la mu 2011, anafika pafupi ndi ganizoli pamene anati ziweto zizionedwa ngati nzika zinzathu za m'mudzi umene anthu anazilowetsamo okha.

Zitsanzo za umwini wa nthambi yachiwiri zilipo kumpoto komweko. Pachilumba cha Gotland, akavalo a mtundu wa *russ* anatsala ochepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nkhalango zitagawidwa kukhala minda ndipo ambiri atagulitsidwa kumigodi. Alimi ena anatchinga dera lalikulu la nkhalango ya Lojsta, ndipo mpaka lero gulu la akavalo limakhala mmenemo chaka chonse. Ali ndi eni ake, amene amawapatsa udzu wouma m'nyengo yozizira, nawasonkhanitsa kangapo pa chaka kuti awaone ziboda ndi thanzi, kenaka n'kuwasiya. Kumpoto kwa Iceland, alimi amatumiza akavalo achichepere kumapiri chilimwe chonse, kumene amaphunzira kuponda pamiyala ndi kukhala pakati pa anzawo, ndipo kumapeto kwa Seputembala amawatsitsira ku khola lalikulu la Laufskálarétt m'chigwa cha Hjaltadalur, kumene mwini aliyense amazindikira ake. Mwini wotere amadziwa nthawi yofika ndi nthawi yochoka. Luso lake lalikulu lili pa kudziletsa.

Lamulo loletsa kavalo kubwerera lija likumveka bwino likaonedwa ndi maso amenewa. Chifukwa chokhala kwaokha zaka mazanamazana, akavalo a ku Iceland alibe chitetezo ku matenda ambiri a akavalo akunja, ndipo salandira katemera wa matendawo. N'chifukwa chake ngakhale zishalo ndi zingwe zachikopa zogwiritsidwapo kale ntchito siziloledwa kulowa m'dzikolo. Mu 2010 chifuwa chopatsirana chinalowabe, n'kufalikira pafupifupi dziko lonse, moti chikondwerero chachikulu cha akavalo chotchedwa Landsmót, chimene chinayamba mu 1950, chinaimitsidwa kufikira 2011. Choncho lamuloli likumanga manja a mwini mmodzi pofuna kuteteza akavalo 80,000 amene sangadziteteze okha. Likuuza wokwera aliyense kuti kavalo wake ndi wake, koma mbumba imene kavaloyo wachokera si yake yekha.

Nanga wokwera uja, wosiya mnzake kunja, walakwa kapena sanalakwe? Yankho silili pa kugulitsako pakokha, pakuti kavalo angathe kupeza moyo wabwino m'manja mwa munthu wina, ndipo kavalo sadziwa mbendera ya dziko. Yankho lili pa mafunso amene wokwerayo anadzifunsa asanakwere ndege. Kodi wogulayo akudziwa za tizilombo toluma ndi za msipu wonenepetsa? Kodi kavaloyo adzakhala ndi anzake? Nanga miyendo ikadzafooka, mpikisano utatha, ndani adzamusunge? Ngati wagulitsa kwa wopereka ndalama zambiri osafunsa zimenezi, wachita ngati mwini njinga pa chinthu chimene si njinga. Ngati wafunsa, nakana wogula wosayenera ngakhale mtengo unali wokoma, wasamutsa udindo popanda kuutaya. Ndipo nthawi zina yankho loona lingakhale kusiya mpikisanowo, kavalo n'kukalambira kwawo.

M'kaundula wa mtundu umenewu, wotchedwa WorldFengur, kavalo amalembedwa ndi dzina lake, lotsatidwa ndi dzina la famu imene anachokera. Kwa obadwira ku Iceland, maina awiriwa amalumikizidwa ndi kamawu koti *frá*, kutanthauza "wa ku". Kavalo angagulitsidwe kasanu, angawoloke nyanja, angafere ku Bavaria kapena ku Jutland, koma dzina la famuyo silichoka, ndipo la wogula silimalowa m'malo mwake. Olemba kaundulayo ankangofuna kusunga mibadwo molongosoka. Komabe chizolowezi chawocho chikusunga mfundo imene lamulo la katundu limaiwala, yakuti amene anachititsa chamoyo kubadwa amakhalabe womangika kwa icho, ngakhale ndalama zitasinthana manja. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Wofuna kutchedwa mwini kavalo avomere kuti tsiku la matenda, la ukalamba ndi la imfa, anthu akadzafunsa kuti mwini wake ali kuti, woimirirayo adzakhala iyeyo.